Mayina a minda ku Roscommon: pomwe tafika

Januwale 14

Kabuku aka ndakayamba mochedwa. Ntchito yeniyeni inayamba mu Novembala, koma zonse ndinkalemba pa timapepala, ndipo tina ndatipeza dzulo m'thumba la jekete titafufuma ndi mvula. Kuyambira lero zonse zizilowa muno.

Tilipo anthu asanu ndi awiri, kagulu ka okonda mbiri ya dera m'parishi ina kufupi ndi Strokestown, m'boma la Roscommon ku Ireland. Timakumana Lachitatu madzulo m'holo ya parishi. Mlendo ndilipo ndekha, komanso ndine wamng'ono pa onse ngakhale ndili ndi mwana wa ku sekondale. Ndimagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo anandikokera m'gululi ndi mayi ena amene timaimba nawo kwaya, atangoona kuti zala zanga zimathamanga pa kompyuta. Ndinalowa ngati wotaipa. Pano ndine woyenda m'matope.

Tikuyenda khomo ndi khomo kufunsa alimi dzina la munda uliwonse, n'kulilemba pa mapu pamodzi ndi nkhani iliyonse imene akuidziwa ya dzinalo. Ndikati munda musaganize za chimanga. Kuno minda yambiri ndi msipu wa ng'ombe ndi nkhosa, wotchingidwa ndi mpanda wamiyala kapena mzere wa zitsamba zaminga, ndipo uliwonse, ngakhale wochepa ngati bwalo la ntchembere mbaye, unali ndi dzina lake.

Dziko la Ireland linagawidwa m'tizigawo toposa 60,000 totchedwa townland. Si mudzi monga tiudziwira ife, poti nyumba kuno n'zotalikirana, koma ndi kadera kokhala ndi malire ndi dzina, ndipo mpaka lero ndiko kamalembedwa pa keyala ya munthu wa kumudzi. Mayina a tizigawoti analowa pa mapu a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, pakati pa 1824 ndi 1846. John O'Donovan, katswiri wa chilankhulo cha Chiairishi amene ankagwira ntchito ndi ojambula mapuwo, anayenda m'Roscommon muno mu 1837 akufunsa anthu katchulidwe kake. Mapuwo anajambula malire a minda bwinobwino, koma mayina a mindayo sanalembe. Ndiye mayinawa akhala pakamwa pokha zaka zonsezi, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana pa geti la khola.

Si ife oyamba. A m'boma la Meath anayamba mu 2008, ndipo pofika 2013 anali atatulutsa buku, atalemba za minda yoposa 24,000. Yathu ndi yaing'ono: ma townland asanu ndi anayi, minda 410 poiwerenga pa mapu. Tikamaliza tidzaika mayinawo pa Meitheal Logainm, pomwe anthu wamba amalembapo mayina a timalo ting'onoting'ono pa intaneti. Mawu akuti meitheal anandiseketsa atandimasulira. Ndi gulu la anansi amene amagwirizana kukakolola kwa mmodzi lero, mawa kwa wina. Dima basi.

Pofika lero: minda 96 ili ndi mayina, m'ma townland awiri.

Januwale 29

Munda umodzi watidyera masabata awiri, ndipo sindikudandaula.

Ndinapita ndekha kwa bambo ena a zaka 78, osakwatira, amene amakhala ndi galu wawo kumapeto kwa kamsewu kopapatiza. Mapu sungatambasule usanamwe tiyi, ilo ndi lamulo, ndipo tiyi wake ndi woti supuni ingaime. Amaumirira kuti ndiziwatchula dzina lawo loyamba. Pakamwa ndimayesetsa, koma mumtima ndimangoti bambo. Anayamba kuloza ndi chala chokhakhala, akutchula mayina motsatana ngati akuwerenga ana awo: munda wa chitsime, munda wautali, kuseri kwa nyumba, munda wa bulu. Atafika pa wina wapakona anati "the Kill Field".

Ndinalemba momwe ndinamvera, n'kufunsa kuti, "Bambo, anaphedwapo ndani?"

Sanachedwe n'komwe. Anati bambo awo ankanena kuti msilikali wa Cromwell, mtsogoleri wa ku England amene anathira nkhondo Ireland mu 1649, anatsalira m'mbuyo anzake atapita, anthu n'kumuphera pamenepo, ndipo ali mwana sankadutsapo kukada. Ndinabwerako ndikuyenda monyang'wa, poti ndinali ndapeza nkhani yoyamba yokhala ndi magazi.

Lachitatu nditawerenga, aphunzitsi opuma amene amatsogolera gulu lathu anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati mawu amodzi omwewo angachokere kunayi. M'Chiairishi muli cill, kachalichi kakale kapena manda ake. Mulinso coill, nkhalango. Awiriwa akalowa m'Chingerezi amangosanduka Kil, n'chifukwa chake mayina oyamba ndi Kil ali mbwee pa mapu a Ireland ndipo akatswiri amavutika kuwasiyanitsa. Ndiye pali kiln, ng'anjo yowotchera laimu, imene anthu akuno amaitchula mosamveka n yakumapeto. Kupha kumene ine ndinathamangira ndi kwachinayi, ndipo ndi kumene sikukhala koona kawirikawiri.

Tinatsegula mapu a m'ma 1830 aja pa kompyuta. Pakona penipeni pa mundawo panali kachizindikiro kozungulira ka ng'anjo. Loweruka ndinapitako ndi aphunzitsiwo ndipo tinaipeza: mulu wa miyala wozungulira, pakati pobooka, utamera khwisa wa kuno amene amayabwa ngati chitedze. Kale pafupifupi mlimi aliyense ankawotcha miyala ya laimu ndi turf, dothi lakuda la m'madambo limene amaliumitsa n'kumakolezera moto, kenako n'kuwaza laimuyo m'munda kuti nthaka isawawe, wina n'kupaka nyumba.

Aphunzitsi anati tifufute za msilikali. Fomu yathu ili ndi kabokosi kamodzi kolembapo tanthauzo, ndipo tanthauzo tinali talipeza. Ine ndinakana, ngakhale ndinalibe mawu abwino okanira. Tinagwirizana zobwerera kwa eni munda. Tinawafotokozera za ng'anjo mosamala, poopa kuwachititsa manyazi. Anatiyang'ana ngati ana.

"Ng'anjoyo ndikuidziwa. Ndinkabisalamo ndikathawa sukulu. Munthuyo anaphedwera pambali pa ng'anjoyo."

Aphunzitsi anangoti kukamwa yasa. Fomu tsopano ili ndi mabokosi awiri, lina la komwe dzina likuoneka kuti linachokera, lina la zomwe eni ake amanena. Mafomu 96 oyamba aja ndiyenera kuwataipanso, ndipo ndadziputira ndekha.

Febuluwale 12

Madzulo awiri ndataya pa munda wotchedwa Ten Acres, maekala khumi. Ndikajambula malire ake pa kompyuta ankatuluka maekala 16. Ndinafufuta, kujambulanso, kuganiza kuti mwina mpanda unasunthidwa. Safunsa anadya phula. Ekala yakale ya Chiairishi inali yaikulu, pafupifupi 1.62 ya ekala imene tonse timaidziwa, ndipo dzinalo linatsalira pa muyeso wakalewo. Ena onse m'gulu ankadziwa, ankangoyesa kuti nanenso ndikudziwa.

Mayina ambiri ndi otere, opanda nthano: wakumtunda, wakumunsi, wamiyala, wa pamsewu. Timawalemba n'kupitirira.

Amene amandikoka mtima ndi a Chiairishi otuluka m'kamwa mwa anthu osalankhula Chiairishi. Chilankhulochi chinazilala kuno kalekale. Douglas Hyde, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Ireland mu 1938, anakulira kufupi ndi Frenchpark m'boma lomwe lino ndipo anachiphunzira kwa okalamba oyandikana nawo chikutha kale. Koma lero mlimi amati Parkmore osadziwa kuti akunena Páirc Mhór, munda waukulu. Amati Paurkeen, kamunda. Akale ankasiyanitsa monga ife tisiyanitsira munda, dimba ndi tsala: gort ndi wolimidwa, garraí ndi kadimba ka mbatatesi pafupi ndi nyumba, bán ndi wogonera umene wamera udzu, currach ndi lowe. Mawuwa apindika kwambiri moti kuwalemba ndi zilembo n'kuwalakwira. Tsopano ndikujambula mawu pa foni, mlimi atchule katatu, odziwa Chiairishi adzamve okha.

Minda 171.

Malichi 10

Palibe chayenda. Nkhosa zikuswa, alimi akugona m'makola, ndipo wobwera ndi mapu nthawi ino amamuyang'ana ngati wokhometsa msonkho. Ndamaliza kutaipanso mafomu aja.

Malichi 27

Poti m'minda simukuyendeka, ndakhala ndikuwerenga zolemba za ana asukulu za m'ma 1930. Pakati pa 1937 ndi 1939 bungwe la Irish Folklore Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1935 motsogozedwa ndi Séamus Ó Duilearga, linapempha masukulu a pulayimale pafupifupi 5,000 kuti ana azikafunsa makolo, agogo ndi anansi nkhani zakale n'kuzilemba m'makope. Ana oposa 50,000 analemba masamba pafupifupi 740,000. Amasungidwa ku University College Dublin, ndipo ambiri anajambulidwa n'kuikidwa pa dúchas.ie, pomwe aliyense angawerenge dzanja la mwana aliyense, ndi dzina la amene anamuuza nkhaniyo.

M'kope la sukulu ina ya m'parishi mwathu, imene inatsekedwa kale, mtsikana wa zaka 13 analemba mayina khumi ndi limodzi a minda ya kwawo. Mayi a kwaya aja ataona dzina lake anati mwana wake wamkazi alipo, ndi amayi a zaka 74 amene tinawafunsa kale mu Disembala. Ndinanyamula tabuleti ulendo wa kwawo.

Sindinawauze chomwe ndabweretsa. Ndinangoika patebulo n'kukulitsa tsambalo. Anapukuta manja pa epuloni, kuwerama, n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenako analoza chilembo chimodzi n'kuti, "Ankachikoka mchira chonchi mpaka kukalamba. Ngakhale pa kalata yogulira zinthu kusitolo." Tiyi anazizira m'makapu.

Pa mayina khumi ndi limodziwo iwo ankadziwa asanu ndi awiri. Anayi anali asanawamvepo, ndipo awiri mwa anayiwo sitikudziwa n'komwe kuti anali minda iti, chifukwa mipanda ina inagumulidwa. M'badwo umodzi wokha, m'nyumba imodzimodzi, pa malo omwewo.

Koma chimene chandikhalitsa maso usiku wonse kuntchito ndi china. Mtsikanayo analemba nkhani ya munda wina umene uli ndi fóidín mearaí, kachigamba ka udzu kosokeretsa. Ukakaponda usiku mutu umazungulira, geti limasowa, umangozungulira m'munda womwe unabadwiramo mpaka tambala. Mankhwala ake ndi kuvula jekete n'kulivala chotembenuza. Iye analemba kuti zinachitikira munthu wina wochokera kotchova makadi, agogo ake ali anyamata. Amayiwa nkhaniyo akuidziwa bwino, munda womwewo, makadi omwewo, jekete lomwelo. Kungoti iwo anakula akudziwa kuti zinachitikira amalume awo, m'ma 1950, ndipo amalumewo ankavomera okha.

Sindikuti wina ananama. Mwina onse awiri anasokeradi, pobwera kumakadi munthu sakhala wouma kukhosi. Chomwe ndaona n'chakuti nkhaniyo ndi ya munda, si ya munthu. Munthu amangosinthidwa kuti akhale wina amene omvera akumudziwa. Pa fomu ndalemba zonse ziwiri, ndi zaka zake.

Epulo 16

Tabwerera m'minda. Lero ndaona chinthu ena asanachione, ndipo ndilembe poti sizichitika kawirikawiri.

Tinali pa kaphiri kena chakumadzulo, dzuwa litapendeka. Pansi pa udzu ndinaona mizere, yotakata kuposa yathu, ikutsika motsetsereka, mthunzi uli m'makwawa mwake. Ndinati, "Apa panalimidwa mbatatesi." Mwini malo anatembenuka n'kundifunsa kuti wandiuza ndani. Ndinati palibe, ndine wa ku Ntcheu, ndinakulira pa mizere ya kachewere, ndipo kwathu mpaka lero ena amangoitchula kuti airishi. Anaseka mpaka kugwira mpanda.

Mizere imeneyi m'Chingerezi anaipatsa dzina lonyoza, lazy beds, ngati kuti ndi ya alesi, chonsecho inkakumbidwa pamanja ndi fosholo yopapatiza yotchedwa loy, kutembenuza chibuma chimodzichimodzi. Ili pamalo okwera ndi osabereka chonchi chifukwa anthu anali ochuluka moti analima paliponse. Mu 1841 boma la Roscommon linali ndi anthu oposa 250,000. Kalembera wa 2022 anapeza pafupifupi 70,000. Chiwawu chinagwira mbatatesi mu 1845 n'kubweretsa njala yaikulu, ndipo mizere ina inangosiyidwa osakumbidwa, udzu n'kuphimba.

Pa kaphiri kameneka timinda tisanu timatchedwa ndi mayina a mabanja: dimba la akutiakuti, dimba la akutiakuti. Palibe banja ngakhale limodzi mwa asanuwo limene lilipo m'parishi muno. Mwini malo sadziwa kuti anali ndani, amangodziwa kuti ng'ombe zikakhala m'dimba la akutiakuti ndiye kuti zili kuseri kwa kaphiri. Mu Meyi 1847 anthu 1,490 a pa esiteti ya Strokestown anayendetsedwa wapansi makilomita 165 kutsata ngalande ya Royal Canal mpaka ku Dublin, n'kukwezedwa zombo kudzera ku Liverpool kupita ku Quebec, ku Canada. Mwini esiteti, Major Denis Mahon, anaona kuti kuwalipirira ulendo n'kotchipa kuposa kuwadyetsa. Pafupifupi theka anafera panyanja kapena atangofika. Mahon anawomberedwa mu Novembala chaka chomwecho. Mndandanda wa mayina a anthuwo ulipo, ndipo aphunzitsi atenga mayina asanu athuwa kuti akafananize. Andichenjeza kuti ndisathamange, chifukwa mayina a mabanja kuno amabwerezabwereza ngati a Phiri ndi a Banda.

Potsika anatilozera pakona pena pomwe amati pali féar gortach, udzu wa njala. Ukapondapo njala imakugwira mwadzidzidzi, mawondo zii, osatha kuyenda, ngakhale utangodya kumene. Amati pamamera pomwe munthu anagwa ndi njala osaikidwa mwamwambo. Akale ankayenda ndi kachidutswa ka buledi m'thumba podutsa malo otere. Mnzathu wina, namwino wopuma, ananong'ona kuti ndi shuga kutsika m'thupi basi. N'kutheka. Koma shuga angatsikire munthu paliponse, ndipo anthuwa anasankha kuloza pakona pamene pali mizere yosakumbidwa.

Minda 240.

Meyi 14

Minga yachita maluwa, mipanda yonse mbuu ngati yawazidwa ufa. Ndi mwezi woyenera kulemba za malinga.

Pa ma townland athu asanu ndi anayi, asanu ndi limodzi ali ndi munda wotchedwa Fort Field, munda wa linga. Mkati mwake mumakhala bwalo lozungulira lotchingidwa ndi chimbundi cha dothi, nthawi zambiri litamera mitengo yaminga. M'Chiairishi ndi ráth kapena lios, ndipo ndiko kumachokera mayina ambiri oyamba ndi Rath ndi Lis. Akatswiri okumba zakale amati anali makomo a alimi a zaka za pakati pa 500 ndi 1000, nyumba mkati, ziweto zotetezedwa usiku. M'dziko lonse muli oposa 40,000. Eni minda amati ndi mokhala "anthu abwino", dzina lowasyasyalika, poti kuwatchula mwachindunji n'kudziputira.

Aliyense amene tamufunsa amayamba ndi kukana. "Ine zimenezo sindikhulupirira." Ukafunsa ngati angadule mtengo wa m'lingamo, yankho ndi limodzi: "Ndiudulirenji? Ukundilakwira chiyani?" Kenako imabwera nkhani ya wina, nthawi zonse wa townland yoyandikana, amene anagumula linga ndi buludoza m'ma 1970, ng'ombe n'kuyamba kufa, kapena mkono kuuma. Nkhani imeneyi taimva kanayi, ndipo munthu wake ndi wosiyana kanayi konse.

M'munda wina muli mtengo waminga umodzi wokha pakatikati, sceach, wopindika ndi mphepo. Thirakitala imauzungulira chaka ndi chaka moti watsala pa kachilumba ka udzu wautali. Mundawo dzina lake limamveka ngati Gortnaskeha, ndiye kuti Gort na Sceiche, munda wa mtengo waminga, kusonyeza kuti mtengo wakhala ukuzunguliridwa pamenepo kuyambira anthu akulankhula Chiairishi. Si za kumudzi kokha. Mu 1999 ku Latoon m'boma la Clare, wokamba nthano Eddie Lenihan anachenjeza za mtengo wotere umene unali m'njira ya msewu waukulu watsopano, ndipo mtengowo unasiyidwa, msewu n'kudutsa pambali.

Anzanga amayembekeza kuti ndidabwa kapena kuseka. Ndinawauza kuti kwathu ukaona nkhalango yowirira pakati pa minda yopanda mtengo ndi umodzi womwe, usafunse, ndi manda, ndipo nkhwangwa siilowamo. Malinga akuno lamulo la boma limawateteza tsopano, koma amene anawasunga zaka mazanamazana lamulolo lisanabwere ndi mantha omwewa amene aliyense akuwakana.

Pobwerera ndinagwira waya wamagetsi wotchingira ng'ombe ndi dzanja lonyowa. Mawu amene ndinatulutsa sali m'Chingerezi kapena m'Chiairishi, ndipo foni inali ikujambula.

Meyi 28

Kil wina wapezeka, ndipo uyu si ng'anjo. Kamunda kotchedwa Killeen, ndiye kuti cillín, pomwe ankaika makanda omwalira asanabatizidwe, poti kumanda a tchalitchi sankaloledwa. Timiyala ting'onoting'ono tosalembedwa, tongotuluka m'udzu. Amayi amene anatilozera anati bambo wa mwana ankapita yekha usiku, kabokosi kukhwapa, ndipo mayi sankauzidwa n'komwe malo ake enieni. Anatchula mabanja atatu, limodzi ndi lawo. Kenako anapempha kuti dzina la munda tilembe, koma mabanjawo ayi. Ndazimitsa chojambulira pomwepo ndipo ndafufuta gawolo iwo akuona. Pa ichi gulu lonse lagwirizana popanda mtsutso, koyamba chiyambire.

Juni 11

Tsiku limene ndimayembekeza kuti likhala lopanda kanthu ndi limene landipatsa yankho la funso lomwe ndakhala nalo kuyambira Malichi, loti mayina anayi aja anatayika bwanji m'nyumba imodzi.

Mlimi wake ndi wachinyamata, wa zaka za m'ma 30. Masana amagwira ntchito ya zomangamanga, ng'ombe amaziona m'mawa ndi madzulo pa njinga yamoto ya matayala anayi. Tinamupeza akudikira odula udzu wa silage, wosungira ng'ombe chakudya, maso ali kumwamba kuopa mvula. Pomwe mapu akale akuonetsa timinda tisanu, pali munda umodzi waukulu. Agogo ake anagumula mipanda Ireland italowa m'bungwe la mayiko a ku Ulaya mu 1973, nthawi imene alimi ankalimbikitsidwa kukulitsa minda kuti makina azitembenuka bwino. Nditamufunsa mayina anatulutsa foni n'kundionetsa manambala. Munda uliwonse uli ndi nambala yake ku unduna wa zamalimidwe, ndipo ndi imene amalemba pofunsira ndalama za sabuside.

Ndinamufunsa ngati sawatchula mayina n'komwe. Anaganiza pang'ono n'kuti, "Ndiwatchulire ndani? Ndimapita ndekha. Agogo anali ndi ana asanu ndi atatu oti awatume."

Ndinaima ndi cholembera m'mwamba. Dzina la munda ndi la potuma. Kakusake ng'ombe kwakuti, kapereke tiyi kwa abambo ako kwakuti, katseke geti la kwakuti. Mwana wotumidwa ndi amene amafunsa kuti bwanji amati Kill, ndipo wamkulu, kaya akudziwa kaya sakudziwa, amayenera kuyankha kanthu, makamaka kanthu koti mwanayo asamachedwe kumeneko kukada, asakwere pa ng'anjo yogumuka, asasewere pa timiyala tija. Msilikali wa Cromwell ndikuganiza anabadwa choncho. Amayi a zaka 74 aja anali awiri okha m'banja mwawo ndipo mchimwene wawo anapita ku England ali ndi zaka 17. Minda inayi ija mwina ndi imene sanatumidweko.

Kuntchito kuli agogo ena amene mayina a ana awo anawathawa, koma cha m'ma 4 koloko m'mawa amadzuka n'kuyamba kutuma munthu wosaoneka kuti akatulutse ng'ombe, akutchula minda motsatana, osaphonya. Sindilemba. Kumeneko ndine wowasamalira, ndipo sangathe kundiloleza. Ndimangoyankha kuti zatulutsidwa kale, agone.

Mnyamata uja tili pa geti anakumbuka kuti munda umodzi ali nalo dzina lake. Amautcha Desmond, chifukwa thirakitala yake inatitimira mmenemo madzi atasefukira ndi namondwe wa dzina limenelo mu Disembala 2015, ndipo anansi atatu amene anabwera kudzaikoka amautchulabe choncho pomuseka. Aphunzitsi anati limenelo si dzina, ndi nthabwala ya dzana. Ndinawafunsa kuti munda wa bulu uja unayamba bwanji. Tavota, asanu kwa awiri, Desmond walowa.

Juni 25

Chiwerengero cha lero: minda 318 ili ndi mayina, 61 eni ake akuti ilibe kapena palibe akukumbuka, 31 sitinafikeko. Mwa 318 imeneyi, yokhala ndi kanthu m'bokosi lachiwiri ndi 74.

Yotsalayi yambiri ili mozungulira turlach, dambo la pamiyala ya laimu limene limadzaza madzi otumphuka pansi nthawi yozizira n'kuuma nthawi yotentha. Mu Januwale linali nyanja ya mbalame, pano ng'ombe zikudyamo, ndiye tipiteko mwezi uno lisanabwerere. Mwini wa minda isanu ndi itatu mwa imeneyo amakhala ku Manchester ndipo amabwera mu Ogasiti, mayi a kwaya ali ndi nambala ya mlongo wake.

Mawu ojambulidwa 43 akudikira munthu wodziwa Chiairishi. Lija la waya wamagetsi ndalidula. Aphunzitsi sanabwerenso ndi yankho la mabanja asanu a pa kaphiri, akuti awiri akufanana ndi a pa mndandanda wa 1847 koma townland yake ndi ina. Loweruka ndibwerera kwa bambo a ng'anjo aja ndi mapu osindikiza kuti aone ngati ndalemba bwino, ndipo anditumizira uthenga kuti ndibwere ndi mwana wanga, pali ana a galu.